Mpweya wa Apongozi

Apongozi anga aamuna anadwala tsiku lachiwiri pambuyo pa Idi. Anali atasala mwezi wonse, munthu wokalamba, kenako anadya mpunga ndi mbuzi ngati mnyamata. M'mawa mwake mimba inatupa. Pofika masana inali ngati ng'oma. Kuchimbudzi sankapita. Ankangosanza.

Nthawi imeneyo ndinali pa chikamwini kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Ndinkapha nsomba. Ndinali nditakhala pamudzipo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinadyepo nawo mbale imodzi apongoziwo. Tikakumana panjira ndinkapatuka. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ine ndili pomwepo, mkazi wanga n'kundiuza. Sitinkadana. Ndi mmene zinkakhalira.

Ana awo aamuna anali awiri, wina ku Joni, wina ku Halale. Kuchipatala, kuwodi ya amuna kumafunika mwamuna wodwazika. Apongozi aakazi anayang'ana uku ndi uku, panalibe wina. Anauza mkazi wanga, mkazi wanga anandiuza.

Tinawanyamula pa machira mpaka pa Nselema. Pamenepo tinapeza lole ya mpunga yopita ku Liwonde. Pa Ntaja anyamata a chipani anaiimitsa kufuna makhadi. Langa ndinali nalo. La apongozi linali m'thumba la mkanjo wawo, ndipo iwo manja anali atagwira pamimba. Ndinawapisa m'thumba. Kanali koyamba kuwakhudza. Wofunsa makhadiyo anayang'ana khadi, anayang'ana mimba, n'kunena kuti pitani.

Tinawoloka Shire dzuwa litapendeka. Chipatala chake chinali cha mishoni, mbali ya ku Balaka. Dokotala wamkulu anali mzungu wowonda, wa Chichewa chothyokathyoka. Anagogoda mimba ndi zala ziwiri, inalira. Anawatengera ku fiyeta, kochitira opaleshoni, tsiku lomwelo.

M'mawa mwake anandiitana wothandiza dokotala, amene tonse tinkamutcha adokotala aang'ono. Anali bambo wa ku Ntcheu, wamfupi, wa tchalitchi, wa zolembera zitatu m'thumba la malaya. Anatenga thaulo n'kulipota ngati akufinya madzi.

"Matumbo a bambo anu anapotoka chonchi. Akapotoka, magazi sadutsa. Popanda magazi thumbo limafa munthu akadali moyo. Mbali ina taipeza yakuda. Tadula, talumikiza. Mbali ina inali yotuwa. Adokotala aifunditsa nsalu yofunda, adikira, yafiirako pang'ono. Aisiya. Kaya magazi akufikamo bwino, sitikudziwa."

"Mudziwa bwanji? Mwasoka kale."

"N'chifukwa chake ndakuitanani."

Anati makina owonera m'kati kulibe. Pali maso, manja ndi makutu, ndipo anamwino ndi awiri wodi yonse. Ndiziyeza mimba m'mawa, masana ndi madzulo. Ndiziyang'ana botolo la pansi pa bedi, mmene munkagwera madzi ochokera m'kapaipi ka m'mphuno. Akada, kapena akayamba kununkha, ndithamange. Mapazi akazizira, ndithamange. Pakamwa pasalowe kanthu, ngakhale madzi.

"Koma chachikulu ndi mpweya," anatero. "Thumbo lamoyo limayenda. Likayenda, munthu amaphwisa. Bambo anu akaphwisa, bwerani mudzandiuze, ngakhale ndili pa chakudya."

"Si bambo anga. Ndi apongozi."

"Matumbo sadziwa zimenezo."

Ndinamvetsa. Ndatumbula nsomba zambiri. Mlamba ukhoza kuoneka bwino kunja, khungu lili see, m'mimba mutayamba kale. Koma mlamba si apongozi.

Tepi yoyezera inali imodzi chipatala chonse, ndipo inkakhala kwa amayi oyembekezera. Ine ndinali ndi ulusi wa ukonde m'thumba. Adokotala aang'ono anati ndi womwewo. Analemba kamzere ka buluu pakhungu, pamwamba pa bandeji, kuti ndiziyeza malo amodzi. Ndinkalowetsa dzanja kunsi kwa msana, kukoka ulusi, kuukumanitsa pamimba, kumanga mfundo. Apongozi ankayang'ana kukhoma, kumene kunali chithunzi chija chinali pakhoma lililonse masiku amenewo. Ine ndinkayang'ana kumapazi. Tinkayeza motero, aliyense ali kwake.

Pa bedi loyandikana ndi lawo panali munthu wa njanji wa pa Balaka. Chitsulo chinamugwera pantchito, mwendo unathyoka, anaupachika m'mwamba ndi thumba la mchenga. Anali atagona pamenepo milungu isanu. Mwendo wokha ndi umene unali womangidwa. Pakamwa panali pomasuka.

"Akamwini, mwayeza? Mukuwasokera suti?"

Ndinkangomanga mfundo yanga.

"Muwasiyire malo pamimbapo. Idi ibweranso."

Palibe amene ankamuyankha. Iye sizinkamuvuta. Ankadziyankha yekha.

Kukhitchini ya magadiyani kunali amayi okhaokha. Wodwala wanga sankadya, ndiye ndinalibe chophika chenicheni. Ndinkawotcha chinangwa, kudya chiimire, kubwerera. Amayi aja anafunsa kuti ndikudwazika ndani. Nditawauza, wina anaseka mpaka anakhala pansi. Wina anati, "Mwana wawoyo mumamukonda ndithu." Chinangwa chinali chitapsa.

Ntchito ina imene adokotala sanandipatse inali ya madzi. Apongozi sankaphonya swala, mapemphero athu asanu a tsiku. Kudzuka sankatha, ndiye ankaswali chogona, ndi maso ndi zala. Koma udhu, kusamba kuja kwa tisanaswali, ankaufuna wa madzi enieni. Anamwino analola, bola asameze ndipo bandeji isanyowe. Ndinkabweretsa beseni. Ankasamba m'manja ndi kumaso okha, mapazi ndinkawasambitsa ine. Kumudzi ankadziwika kuti udhu umodzi wa masana ankafika nawo mpaka swala ya alasiri, ya cha m'ma fili koloko, nthawi zina mpaka dzuwa kulowa. Kuchipatalanso anachita chimodzimodzi. Akafuna madzi sankanditchula. Ankangouza khoma kuti, "Madzi."

Tsiku loyamba mfundo sinasunthe. Lachiwiri chimodzimodzi. Madzi a m'botolo anali obiriwira. Mapazi anali ofunda pang'ono. Adokotala aang'ono ankabwera ndi chomvera chawo cha m'makutu, kuchiika pamimba, kutseka maso, kukhala nthawi yaitali.

"Muli zii," ankatero. "Mpweya?"

"Palibe."

Ankalemba.

Tsiku lachitatu, cha m'ma teni koloko, namwino wamkulu anali kukonza mchenga wa munthu wa njanji, atatifulatira. Ine ndinali pa mpando pafupi ndi mutu wa bedi. M'wodi munali bata. Ndiye zinamveka. Sizinali zazing'ono. Zinayamba pansi, zinakwera, zinaima, zinamalizanso.

Namwino anatembenuka msanga, nkhope ili ngwee.

"Ndani ameneyo?"

Apongozi anali atatseka maso.

"Ndine," ndinatero.

Kwathu wamkulu saphwisa. Zikachitika, waphwisa ndi wamng'ono amene ali pafupi. Palibe amene amakukhazika pansi kukuphunzitsa zimenezi. Umangokula ukuzidziwa. Pakamwa panga pananena mutu usanafunsidwe.

Nkhope ya namwino inagwa.

"Inu? Bambo wamkulu ndi ndevu zanu? Kunja konseku malo atha?"

"Pepani."

"Ife tikudikira za odwala, inu mukutipatsa zanu."

Munthu wa njanji anaseka mpaka mchenga unagwedezeka.

"Koma akamwini, mawu amenewo ndi okhwima. Munayamba liti kuimba besi?"

Namwino anamuuza kuti atseke pakamwa. Papepala analemba kuti palibe.

Ndikanatha kumutsatira panja n'kumuuza. Ndinaganiza zimenezo. Koma ndinati poti njira yatseguka, kubwera wina, ndipo ameneyo akamadzabwera ndidzakhala ndili kutali. Ndinayamba kutulukatuluka. Ndinkapita kumpopi popanda chifukwa. Ndikabwerera ndinkayang'ana munthu wa njanji. Iye ankapukusa mutu. Tsiku linatha choncho.

M'mawa wa tsiku lachinayi ulusi sunakumane pa mfundo yakale. Panatsala mpata wa chala chimodzi. Ndinayezanso. Chala chimodzi. Thupi linali lotentherako. Dokotala wamkulu anabwera yekha. Anamvetsera kumanja, kumanzere, pansi pa mchombo. Anadina, apongozi anakwinya nkhope. Anafunsa za mpweya. Namwino anati palibe, masiku anayi. Analankhulana m'Chingerezi, n'kutuluka.

Adokotala aang'ono anandikokera pakhonde.

"Ikakwana folo koloko popanda kanthu, atsegulanso."

"Kawiri?"

"Kawiri. Akuganiza kuti mbali yotuwa ija yafa. Ngati yafa n'kuisiya, iwola, awapha. Koma ndikuuzeni zoona. Mtima wawo ndi wotopa. Mpeni wachiwiri pa munthu wa msinkhu uwu, ambiri sadzuka."

Ndinayang'ana pansi. Panali nyerere zikukoka phiko la ngumbi.

"Dzulo sindinali ine," ndinatero.

"Chiyani?"

"Zija anamva anamwino. Anali apongozi."

Anatulutsa cholembera chimodzi, n'kuchibwezanso.

"Bambo, ndagwira ntchito ino zaka zambiri. Gadiyani akamva za mpeni, wodwala wake amakhala kuti waphwisa, wapita kuchimbudzi, wapempha nyama. Dzulo munati ndinu. Lero mukuti si inu. Ndilembe ziti?"

"Za lero."

"Ndikalemba za lero, n'kukhala kuti zoona ndi za dzulo, mawa tikutsuka mtembo. Tiyeni tikawafunse eni ake."

Tinalowa. Anawerama pafupi ndi khutu la apongozi, koma mawu ake anali oti wodi yonse imve.

"Bambo, dzulo munatulutsa mpweya?"

Apongozi anatsegula maso. Anayang'ana adokotala, anayang'ana mbali imene ndinaima, n'kubwerera kukhoma. Anayankha m'Chiyao.

"Une? Ngwamba."

"Akuti iyayi," anatero munthu wa njanji. "Koma ine ndinamva kumene zinachokera. Khutu langa ndi la njanji, sitima ndimaimva isanafike pa Nkaya."

"Inu sabata yatha munati mwaona njoka m'denga," anatero adokotala aang'ono. Anatembenukira kwa apongozi. "Bambo, mukudziwa kuti mukakana tikung'ambaninso?"

"Mulungu ndiye adziwa."

Adokotala aang'ono anatuluka. Namwino anabwera ndi lezala kudzameta pamimba pomwe panali pometa kale.

Sindinakwiye nawo apongozi. Munthu amene wakhala zaka zisanu ndi ziwiri osatafuna pamaso panga sakanavomera chinthu chotero ine ndili chiimire pamenepo, ndi amuna makumi awiri atatchera makutu. Kwa iwo mpeni unali wopepuka.

Dzuwa litafika pamutu anauza khoma kuti madzi. Ndinabweretsa. Anachita udhu, ndinawasambitsa mapazi, anaswali. Ndinakhuthula botolo la mkodzo, ndinalitsuka, ndinaliika pansi pa bedi. Kenako ndinauza munthu wa njanji mokweza kuti ndikupita kumsika ndipo ndichedwa. Sindinapite kumsika. Ndinakhala kuseri kwa wodi, pansi pa mtengo wa mango, pamene windo linali pafupi. Ndinatchera khutu. Chimene ndinkamva ndi munthu wa njanji yekha. Anafotokoza za foromani wake, za mkazi wake woyamba, za mmene anamangira mlatho wa sitima pa Liwonde ngati anaumanga yekha. Wani koloko inadutsa. Thu koloko inadutsa. Ndinaona anthu awiri akukankha bedi la matayala kupita nalo ku fiyeta kukalikonza.

Itangodutsa fili koloko munthu wa njanji anakuwa.

"Akamwini! Ndikukuonani chipewa pawindopo. Msika watha? Akukufunani kuno."

Ndinalowa. Apongozi anali chigonere, maso kukhoma.

"Madzi," anatero.

Ndinatenga beseni. Ndinafika nalo pakhomo, n'kuima. Nthawi ya alasiri inali itayandikira, zoona. Koma udhu anali atachita masana. Ndinabwerera. Ndinasuzumira pansi pa bedi. Botolo la mkodzo linali louma mmene ndinalisiyira. Bandeji inali yoyera, yopanda magazi.

"Anagona tulo?" ndinafunsa munthu wa njanji.

"Agona bwanji ine ndikulankhula?"

"Munamva kanthu?"

"Ndimva bwanji ine ndikulankhula?"

Ndinaika beseni pansi lopanda madzi. Adokotala aang'ono ndinawapeza mu ofesi akudya mbatata. Anati ndidikire. Ndinati munanena nokha kuti ngakhale muli pa chakudya.

"Mwamva?"

"Iyayi."

"Nanga?"

"Apempha madzi."

Anapitiriza kutafuna. Ndinawafotokozera. Sindine wolankhula, koma tsiku limenelo ndinayesa. Ndinati Msilamu akachita udhu, umakhala mpaka china chiudule. Zoudula ndi zowerengeka: tulo, mkodzo, chimbudzi, mpweya. Sanagone. Botolo ndi louma. Chimbudzi mukudziwa nokha. Ndipo munthu uyu sawononga madzi pachabe, mudzi wonse ukudziwa.

"Mwina angofuna kuzizira kumaso."

"Musawafunse za mpweya. Afunseni za udhu. Inu akhoza kukunamizani. Koma sangaswali alibe udhu."

Anasiya mbatata. Anapukuta manja pa thaulo.

"Mawu akewo ndi ati? Ndinene bwanji?"

Ndinawauza. Anabwereza kawiri m'njira.

Atafika sanawerame. Anakoka mpando wanga n'kukhala, ngati mlendo wodzazonda. Analankhula motsitsa. Ine ndinaima kumapazi, nditafulatira, ndikuyang'ana panja.

"Bambo, ndamva mukufuna madzi. Udhu wa masana uja ulipo?"

Zii.

"Ngati ulipo, swalini, nthawi yakwana. Ife tidikira. Madzi tisavutike nawo."

Ngakhale munthu wa njanji anatseka pakamwa. Ndinamva bedi la matayala likubwera m'khonde, tayala limodzi likulira.

"Waduka," anatero apongozi.

"Munagona?"

"Iyayi."

"Munataya madzi?"

"Iyayi."

"Waduka kangati?"

Anauza khoma.

"Kawiri."

"Nanga dzulo m'mawa?"

"Za dzulo afunseni akamwini."

Ndinamva cholembera chikuyenda papepala. Kenako adokotala aang'ono anaika chomvera chija pamimba. Anakhala nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anasuntha, anamvetseranso. Anandikodola. Anachotsa m'makutu mwawo n'kuika mwanga. Poyamba sindinamve kanthu. Kenako ndinamva, kutali, ngati achule a m'dambo mvula yoyamba ikagwa. Mmodzi, kenako awiri. Ndinabweza msanga. M'mimba mwa apongozi si malo oti mkamwini azikhalitsamo.

"Kawatengereni madzi," anatero adokotala aang'ono.

Dokotala wamkulu anabwera folo koloko, atavala kale za ku fiyeta. Anawerenga pepala. Anafunsa kanthu m'Chingerezi, adokotala aang'ono anayankha nthawi yaitali, akuloza beseni. Mzungu anandiyang'ana, anayang'ana beseni. Anamvetsera mimba, anadina, anagwira mapazi, anawerenga kugunda kwa pamkono akuyang'ana wotchi. Anandipempha ulusi. Ndinayeza iye akuona. Mpata wa chala uja unalipo, koma sunakule.

"Ife dikira mawa," anatero.

Bedi la matayala linabwerera lopanda munthu.

"Mwapulumuka, achimwene," anatero munthu wa njanji kwa apongozi. "Koma mukanangonena, bwenzi tonse titakuimbirani m'manja."

Apongozi anali akuswali.

M'mawa mwake ulusi unakumana pa mfundo yakale, n'kupitirira pang'ono. Kutentha kunatsika. Adokotala aang'ono sanafunsenso za mpweya. Ankangofika n'kunena kuti, "Bambo, udhu uli bwanji lero?" Apongozi ankayankha ndi zala, osayang'ana munthu. Zitatu. Zinayi. Namwino wamkulu anamva nkhani yonse, koma kwa ine sanasinthe. Akandiona ankatsegula windo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anachotsa kapaipi ka m'mphuno. Anawapatsa tiyi wopanda mkaka, masupuni atatu. Kenako phala lamadzimadzi. Tsiku lachisanu ndi chitatu anapempha kupita kuchimbudzi. Ndinawagwira mkono mpaka pakhomo, ndinawatsekera, ndinapita kukaima kutali, kumpanda. Atatuluka adokotala aang'ono anawafunsa ngati zayenda. Anati Mulungu ndi wamkulu. Analemba.

Tinakhala milungu itatu. Munthu wa njanji tinamusiya mwendo uli m'mwamba. Anati tikadzadutsa pa Balaka tidzamufunse, aliyense amamudziwa. Sitinadutsepo.

Pobwerera apongozi anakhala kutsogolo kwa lole ndi dalaivala, ine kumbuyo pa matumba. Kuchokera pa Nselema anakwera njinga yobwereka, ine ndikukankha. Njira yonse sitinalankhule. Titafika, anthu anadzaza pabwalo. Ine ndinapita kukaona ukonde wanga. Makoswe anali atauboola pawiri.

Patapita masiku atatu mkazi wanga anabwera kumene ndinkasoka ukondewo. Anagwada, ananditambasulira chikho. Munali madzi akuda, a mizu.

"N'chiyani?"

"Amayi apereka. Bambo awauza zonse."

"Awauza chiyani?"

"Akuti munawasamala bwino. Akuti ngakhale mwana wobala sakanatero." Anayang'ana pansi. "Koma akuti m'mimba mwanu simuli bwino. Akuti zinakuchitikirani pamaso pa anamwino, wodi yonse inamva. Akuti tisakufunseni, mungachite manyazi."

Ndinayang'ana kubwalo. Apongozi anali pa mkeka pansi pa mtengo, akusenda nzimbe pang'onopang'ono, maso ali kwina.

"Akuti kangati pa tsiku?"

"Kawiri. Masiku asanu."

Ndinamwa. Anali owawa kwambiri. Ndinamaliza masiku onse asanu.